Nazale yosewera kapena ya makope ndi homuweki, mwana wa zaka zitatu ndimupititse kuti?

Mayi_wa_mmodzi:

Moni nonse makolo anzanga. Ndithandizeni maganizo chifukwa ine ndi abambo ake a mwana tasemphana ndipo mutu wandizungulira. Mwana wathu wamkazi wakwanitsa zaka zitatu, tikufuna ayambe nazale teremu ikubwerayi, ndiye pali masukulu awiri omwe tawakonda koma ndi osiyana kwambiri. Yoyamba ana amakhala pa madesiki, ali ndi makope, amaloweza zilembo ndi manambala, homuweki pafupifupi tsiku lililonse, kumapeto kwa teremu kuli mayeso ndi lipoti loonetsa nambala yomwe mwana wakhala. A hedi akumeneko amanena mosabisa kuti pofika zaka zinayi mwana amakhala akuwerenga. Yachiwiri mulibe madesiki, muli timatabwa tomangira, utoto, mabuku a zithunzi, panja pali mchenga ndi madzi, ana ena ali pansi ena akuthamanga, phokoso lokhalokha, aphunzitsi akuti ana amaphunzira kudzera mmasewera ndipo kulemba sakakamiza.

Abambo ake akuti kusewera amasewera kale kunyumba, nde tivutikirenji kumupititsa kusukulu kuti azikaseweranso. Ine mtima wanga uli ku yachiwiriyo poti mwanayu sakhala phee olo pang'ono, ndikuopa azikakalipiridwa tsiku ndi tsiku mpaka adane nayo sukulu asanaidziwe nkomwe. Koma nanenso mantha ndili nawo, nanga akadzafika ku pulayimale anzake akuwerenga iye osadziwa olo A? Amene munadutsamo kapena aphunzitsi ngati mulipo, zoona zake ndi ziti?

Bambo_wa_atatu:

Amayi, ine ndili mbali ya amuna anuwo, osati chifukwa ndi mwamuna mnzanga ayi kkkk. M'mera mpoyamba. Ana anga awiri akuluakulu anadutsa nazale ya makope yomweyo ndipo analowa pulayimale akulemba dzina lawo, akuwerenga timawu tifupitifupi, akudziwa kukhala pansi nkumvera munthu akamalankhula kutsogolo. Chomalizachi anthu amachipeputsa, koma kalasi ikakhala ya ana ambiri mphunzitsi sadikira mwana mmodzi, amapita ndi omwe akutsatira, wotsalayo amangotsala basi nkuyamba kudziona ngati mbuli. Komanso zoti amaphunzira kudzera mmasewerazi masukulu ena ndi pobisalira ulesi, aphunzitsi ali pa foni ana akugubuduzika mu mchenga tsiku lonse, pamapeto pake inu simudziwa chomwe mwana waphunzira poti palibe kope loti mutsegule. Kope silinama.

Madamu_a_nazale:

Kope limanama abambo, ndipo limanama kwambiri kkk. Ndagwirako ku masukulu a mitundu yonse iwiri ndiye ndiyankha motalikirapo, mundipirire.

Tsamba lodzaza A A A mpaka pansi lija nthawi zambiri dzanja la mwana linachita kugwiridwa ndi madamu chifukwa akudziwa kuti makolo atsegula chikwama madzulo. Olo alembe yekha, akhoza kukhala akungojambula kanthu ka miyendo iwiri osadziwa kuti kamaimira liwu. Yesani izi kunyumba ndi mwana aliyense amene amati ndi wanzeru poti amawerenga mpaka 50, muikireni timiyala patebulo mumuuze kuti ndipatse tinayi. Ambiri a zaka zitatu amangotapa dzanja lodzaza nkukupatsani. Manambalawo anawaloweza ngati nyimbo, koma kudziwa kuti zinayi ndi zinthu zingati ndi nkhani ina ndipo zimabwera mwana akamagwira zinthu, kuzigawa, kuziika mmagulu, kuona kuti mnzake ali ndi zambiri kuposa iye nkuyamba kudandaula. Zilembo chimodzimodzi, amaimba A mpaka Z bwinobwino, mukaloza chimodzi chapakati ali ziii.

Ndiye pali nkhani ya dzanja. Tizala ta mwana wa zaka zitatu sitinalimbe kuti tigwire pensulo nthawi yaitali nkumalemba pakati pa mizere. Mukamukakamiza amaigwira molakwika, kufinya ngati akuopa kuti imuthawa, dzanja limatopa, ndipo kagwiridwe kolakwikako kamavuta kukachotsa akakula. Chomwe chimalimbitsa tizalato ndi zomwe bambo ake akuziona ngati masewera chabe, kuumba dongo, kung'amba mapepala, kudula ndi sizasi, kutunga mikanda, kumanga mabatani a malaya, kukhwatchakhwatcha ndi choko chachikulu. Mwana amene wachita zimenezi chaka chathunthu mukamupatsa pensulo ali ndi zaka zisanu sizimuvuta.

Koma chomwe ine ndimachiona kuti ndi chachikulu ndi ichi. Onani ana atatu akusewera zachipatala, wina dokotala wina wodwala wina namwino. Wodwalayo akuyenera kugona phee olo akufuna kudzuka chifukwa masewerawo akutero, dokotala akuyenera kukumbukira zomwe amanena adokotala, akakangana kuti jakisoni abaye ndani akuyenera kugwirizana apo ayi masewera atha. Pamenepo mwana akuphunzira kudzigwira, kudikira, kusunga zinthu mmutu, kufotokoza zomwe akufuna ndi pakamwa osati ndi chibakera. Kukhala pansi nkumvera komwe abambo akunenako gwero lake ndi limeneli. Mwana amene wangokhala chete poopa madamu ndi amene waphunzira kudzigwira yekha amaoneka ofanana mkalasi, koma madamu akangotuluka mumawasiyanitsa.

Kunyumba amasewera inde, koma kunyumba kulibe ana ena khumi amsinkhu wake oti alimbirane nawo katabwa kamodzi, ndipo kulibe munthu yemwe ntchito yake ndi kuwaonerera nkuponyapo funso pa nthawi yake.

Wokonda_kafukufuku:

Ndiwonjezere pa zomwe anena madamu, poti nkhaniyi anthu anaifufuzapo ndithu, sikuti ndi maganizo a aphunzitsi okha.

Ku Finland ana amayamba pulayimale ali ndi zaka 7, chaka chokonzekera amachita ali ndi zaka 6 ndipo nachonso chimakhala chamasewera kwambiri. Ku England ambiri amalowa sukulu ali ndi zaka 4. Ana a ku Finland sanakhalepo otsalira pa kuwerenga chifukwa choyamba mochedwa. Ku New Zealand Sebastian Suggate ndi anzake anayerekeza ana omwe anayamba kuphunzitsidwa kuwerenga ali ndi zaka 5 ndi ena a masukulu a Steiner omwe amayamba ali ndi zaka 7, pofika zaka pafupifupi 11 ochedwawo anali atawapeza anzawo aja. Zili ngati kuyenda, wina amayenda ali ndi miyezi 10 wina 14, koma akafika zaka zisanu simungaloze kuti anayamba ndi uyu.

Palinso kafukufuku wa ku Tennessee ku America omwe anachita a yunivesite ya Vanderbilt, ana pafupifupi 3,000 a mmabanja osauka, ena anapeza malo ku nazale za boma kudzera mmaere ena sanapeze. Poyamba opita ku nazale anali patsogolo pa zilembo ndi manambala, koma patangotha chaka chimodzi anzawo anawapeza, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2022 zinaonetsa kuti pofika giredi 6 opita ku nazale aja ndi amene anali mmbuyo pa mayeso komanso amapalamula kwambiri kusukulu. Apa tisanamizane, kafukufukuyu sanali woyerekeza masewera ndi makope mwachindunji, koma mmodzi wa ofufuzawo, Dale Farran, ananena kuti mmakalasi ngati amenewo ana amathera nthawi yambiri ali pamzere, akudikira, kapena akumvera mphunzitsi akulankhula kwa gulu lonse.

Wakale kwambiri ndi wa ku Ypsilanti ku Michigan omwe unayamba mu 1967, anagawa ana 68 mmagulu atatu, lina lophunzitsidwa mwa mphunzitsi afunse ana ayankhe, ena awiriwo ana amasankha zochita. Pa nzeru za mkalasi onse anakwera mofanana poyamba. Atawatsatira mpaka atakwanitsa zaka 23 anapeza kuti omangidwapo pa milandu ikuluikulu anali ochuluka mu gulu loyamba lija. Koma ana 68 ndi ochepa zedi, musatenge ngati mwana akalemba homuweki ndiye adzakhala chigawenga kkkk.

Womwe ine umandisangalatsa ndi kakang'ono ka Elizabeth Bonawitz ndi anzake ka mu 2011. Anapanga chidole cha mapaipi, ina ukaikoka imalira, ina ili ndi getsi, ina kagalasi, pena nyimbo. Ana ena anauzidwa kuti taona chidolechi chimagwira ntchito chonchi, nkuwaonetsa kulirako. Ena munthu wamkuluyo ananamizira kuti waliza mwangozi nkudabwa. Owuzidwa aja anangolimbikira kuliza komweko nkuchisiya msanga, enawo anachitembenuza uku ndi uku mpaka anatulukira zina zobisikazo. Ana amatikhulupirira akuluakulufe, tikati ndi chonchi amaganiza kuti basi palibenso china.

Bambo_wa_atatu:

Achimwene za ku Finland zo ndazimva, koma mwana wa amayiwa sakulowa pulayimale ya ku Finland. Kumeneko sukulu zonse zimadikira limodzi, palibe wotsala. Nanga ngati pulayimale yomwe akufuna kudzamupititsa imayembekezera kuti mwana abwere akudziwa kale zilembo? Zoti adzawapeza anzake ali ndi zaka 11 ndi zabwino papepala, koma zaka zapakatizo akulira ndi mwana wanu. Chinanso, kulankhula mwana amatola yekha koma kuwerenga satola yekha, mumusiye mu mchenga zaka khumi sadzatulukamo akuwerenga. Pafunika wina amuuze kuti ichi ndi chilembo chakuti ndipo chimamveka chonchi.

Wokonda_kafukufuku:

Apa ndiye mwalasa abambo, sinditsutsa. Kuwerenga kumachita kuphunzitsidwa, ndipo njira yophunzitsa maliwu a zilembo mwadongosolo ili ndi umboni wamphamvu. Komanso Greg Duncan ndi anzake mu 2007 anaphatikiza zotsatira za kafukufuku zisanu ndi chimodzi nkupeza kuti masamu omwe mwana akudziwa polowa sukulu ndi omwe amalosera kwambiri mmene adzakhonzere kutsogolo, kenako zowerenga, kenako kutchera khutu. Ndiye nazale yomwe mulibiretu manambala ndi zilembo si yoti tiiombere mmanja.

Funso ndi loti zilowe bwanji komanso liti. A yunivesite ya Cambridge mu 2022 anaunika kafukufuku 39 wokhudza ana pafupifupi 3,800 a zaka 3 mpaka 8, kuyerekeza kuphunzitsa kwa pabolodi ndi masewera omwe mphunzitsi akuwatsogolera ali ndi cholinga mmutu. Pa masamu oyambirira, kudziwa maonekedwe a zinthu komanso kutha kusintha kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina, masewera otsogozedwawo anapambana. Pa zowerenga sanapeze kusiyana kwenikweni. Ndiye mwana wosewera motere sakutaya kanthu, pena akupindula.

Mayi_wa_mapasa:

Ine za kafukufuku sindingalowepo, ndingonena zomwe ndinaona. Anga ndi mapasa, ndinawaika onse nazale ya makope. Wamkazi zinamuyanja, amakonda kulemba, homuweki amachita kuikumbutsa yekha. Wamwamuna mmawa uliwonse mmimba mukupweteka, Loweruka mmimba mwachira. Lipoti linabwera loti ndi wosamva komanso wochedwa kugwira zinthu, mwana wa zaka zitatu jamani, wochedwa kupita kuti? Nditamusamutsira kosewera anasintha, pano ndi amene amandifotokozera nkhani zitalizitali mpaka ndimachita kumupempha kuti apume. Nde achemwali muyang'anenso mwana wanuyo kuti ndi wotani, mwanena nokha kuti sakhala phee.

Madamu_a_nazale:

Zomwe anena abambo zoti masukulu ena amabisala kumbuyo kwa masewera ndi zoona ndipo zimatinyozetsa tonse. Kuwasiya ana okha ndi zidole madamu ali pa WhatsApp kumeneko ndi kusunga ana basi, musapusitsidwe. Olo dzina la pachikwangwani lisakutengeni mtima. Maria Montessori anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907 ndipo njira yake ili ndi dongosolo lokhwima, zipangizo zakezake, ana amisinkhu yosiyana mkalasi imodzi, nthawi yaitali yoti mwana agwire ntchito yomwe wasankha osamudula, ndipo zilembo zilimo, ana amazisisita ndi chala pa pepala lokhakhala akutchula liwu lake. Koma lero aliyense akhoza kupenta Montessori pa geti mkati muli madesiki ndi ndodo. Chimodzimodzi njira zina zophunzitsira ana monga Reggio Emilia kapena Waldorf, dzina lokha silikuuzani kanthu. Ndipotu nkhani yoti ana aang'ono aziphunzira posewera si yatsopano ngati mmene ena amaganizira, Friedrich Fröbel amene anayambitsa kindergarten ku Germany cha mma 1840 ankagwiritsa kale ntchito timatabwa, nyimbo ndi kadimba.

Ndiye amayi, bwererani ku masukulu onse awiri mukapemphe kukhala mkalasi ana ali momwemo, osati kungoyendetsedwa ndi a hedi kuonetsedwa zimbudzi ndi makoma opentedwa. Maso anu akhale pa mphunzitsi. Ku yosewerayo muone ngati amagwada kufika pa msinkhu wa ana, ngati amalowa mmasewera awo. Mwana akumanga nsanja, madamu wabwino amafunsa kuti yako ndi ya mnzakoyi yaitali ndi iti, tawerenga timatabwa take, ukaika chachikulu pamwamba chichitike nchani, kenako amatseka pakamwa kudikira mwana ayankhe, kudikirako ndi komwe ambiri kumatikanika. Muone ngati amawawerengera buku tsiku lililonse nkumawafunsa kuti mukuganiza kuti chichitike nchani, ngati pali nyimbo ndi timasewera ta mawu omveka mofanana, kuomba mmanja pa phatikizo lililonse la dzina la mwana, ngati mayina awo alembedwa pomwe amapachika zikwama kuti aliyense azizindikira lake. Zimenezi ndiye maziko a kuwerenga. Mukafunse kuti mwana wa zaka zisanu pochoka pano amakhala akudziwa chani, ngati ali aphunzitsi enieni akuyankhani mwatsatanetsatane ndipo akuonetsani zomwe amalemba za mwana aliyense. Akangoti aaa amangosewera, tulukani.

Ku yamakopeyo muone kuti ana amakhala pansi nthawi yaitali bwanji osadzuka, amatuluka panja kangati, wolakwitsa amatani naye, wolira amatani naye, ndipo amene akulankhula kwambiri mkalasimo ndi ndani. Ngati ndi madamu okha ana nkumangobwereza mwa kwaya, mwana wanu adzaloweza zambiri koma mawu ake akeake sadzachuluka, pomwe kumvetsa zomwe ukuwerenga kumadalira kuchuluka kwa mawu omwe ukuwadziwa. Apa ndi pomwe ambiri owerenga msanga amadzagwera, amatchula mawu onse bwinobwino, mukafunsa kuti nkhaniyi ikuti chani ndiye kukanda mmutu. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu malangizo awo a 2019 anati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azitakataka mphindi zosachepera 180 patsiku ndipo asamakhalitse pansi, nde ngati theka la tsiku ali pa desiki madzulo homuweki, mphindi zimenezo azipeza kuti? Ndipo za nambala wani nambala chakuti kwa ana a zaka zitatu ine ndimadana nazo poyera. Pa msinkhu umenewu wobadwa miyezi khumi patsogolo pa mnzake amaoneka wanzeru kwambiri pomwe wangokhala wamkulu chabe.

Masukulu a makope abwino aliponso, komwe kulemba ndi kwa mphindi zochepa mtimagulu ting'onoting'ono kenako ana nkupita kukasewera. Itakhala kuti yosewerayo ndi yosunga ana chabe pomwe yamakopeyo ili ndi madamu achikondi odziwa ntchito, ine ndingakuuzeni kuti pitani ku yamakope. Koma zonse zikakhala bwino mofanana, kwa mwana wa zaka zitatu wosakhazikika ngati wanuyo, ndingasankhe yosewera osaganiza kawiri. Za mantha a abambo aja, kafunseni ku pulayimale yomwe mukuifuna kuti polowa amayembekezera chani. Muli ndi zaka ziwiri kapena zitatu, chaka chomaliza ndi chomwe maliwu a zilembo ndi kulemba dzina zimalowa mwamphamvu, ndipo pa zaka zisanu zimalowa msanga kuposa pa zitatu.

Mayi_wa_mmodzi:

Zikomo kwambiri nonse, abambo a atatu inunso zikomo poti mafunso anuwo ndi omwewo akundifunsa kunyumba kuno kkkk. Ndawawerengera zonsezi ndipo za timiyala zija ayesa pompano, mwana watapa dzanja lonse, iwo akuti timiyalato tinali tochepa mphamvu. Tagwirizana kuti tipite limodzi kukakhala mkalasi konse kuwiri. Madamu, nthawi yabwino yopita ndi iti, ndipo akakana kuti tilowe titani?

Madamu_a_nazale:

Pitani chapakati pa mmawa, ana atakhazikika koma asanatope, mukapita nthawi yofika mudzangoona olira, nthawi yoweruka mudzangoona zikwama. Mwanayo ulendo woyamba musamutenge kuti maso anu asakhale pa iye. Mukakhale pakona kwa ola limodzi osalankhula, mphindi zoyamba madamu amachita zoonetsera koma ana sadziwa kunamizira, muone ngati amapita kwa iye momasuka akafuna thandizo kapena amayamba ayang'ana nkhope yake kaye. Ena amakana chifukwa cha malamulo oteteza ana, zimenezo nzomveka, apempheni tsiku lomwe amalola makolo kapena muonere pawindo muli ndi a hedi. Akakana zonsezo popanda chifukwa chomveka, funsani makolo omwe ana awo ali kale pamenepo, makamaka omwe ana awo si anambala wani.